Kugwa panjinga n'kwa tsiku limodzi, kuchira ndiye ulendo

Mwezi wa June ukafika, anthu a pa Nathenje ndi ku Mitundu sachita kuuzidwa. Madzi a mumtsuko amaluma mano, ana amakana kusamba, ndipo amayi ogulitsa mandasi amafika pamsika atadzikulunga zitenje ziwiriziwiri. M'madambo nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. M'miyezi ya June ndi July, usiku kuzizira m'dera la Lilongwe kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo kumapiri a Dedza ndi Dzalanyama kumachita kunyanya.

Koma nthawi yomweyi, tambala woyamba asadalire, pamsewu pamakhala pali kale anthu. Ndi abambo ndi anyamata a njinga zakapalasa, atasenzetsa matumba a makala, mitolo ya nkhuni, madengu a tomato, mbatata, nkhuku, mwinanso mbuzi yomangidwa pakaliyala, onse maso ali ku Lilongwe. Ochokera pa Nathenje amatsata msewu wa M1 kudzera pa Nanjiri, mtunda wa makilomita oposa 20. Ochokera ku Mitundu amatsata msewu wa ku Bunda, makilomita oposa 30.

Amakala ochokera ku nkhalango ya Dzalanyama, yomwe ili pafupifupi makilomita 60 kuchokera mumzinda, ndiwo amauona ulendo. Ena amatulukira ku Malingunde n'kulowera ku Likuni, ena amadzera ku Mitundu. Matumba amaunjikidwa mpaka kuposa msinkhu wa mwini njinga. Pachitunda amatsika n'kumakankha, pamtsetse amakwera n'kumangopempha Chauta kuti mabuleki agwire.

Chodabwitsa n'chakuti zimene anthuwa amachita pofuna ufa wa ana, kumaiko ena ndi masewero okhala ndi mamendulo, makochi ndi madokotala akeake. Ndi mpikisano wa njinga zam'mapiri, zija za magiya ambiri ndi matayala onenepa, zomwe kuno zimapezeka kwambiri kwa ogulitsa njinga zakale zochokera kunja. Opikisana sayenda patala. Amadutsa m'tinjira tam'nkhalango, pamiyala, m'matope ndi m'mitsinje. Masewerowa adalowa m'ma Olympics chaka cha 1996 ku Atlanta m'dziko la America, ndipo a mu Africa sakungoonerera: Alan Hatherly wa ku South Africa adamaliza pa nambala 3 ku Paris mu 2024, n'kudzatenganso ukatswiri wa dziko lonse chaka chomwecho.

Mwa mipikisano yotereyi, wina wochititsa mantha umachitikira ku South Africa konko, m'miyezi yomweyi ya June ndi July. Dzina lake ndi Freedom Challenge. Opikisana amanyamuka ku Pietermaritzburg n'kukamalizira ku Wellington, kufupi ndi Cape Town, mtunda wa makilomita oposa 2,000, ndipo amapatsidwa masiku 26 kuti akhale atafika. Njira yake imadutsa m'mapiri a m'malire ndi dziko la Lesotho komwe madzi amaundana usiku ndipo nthawi zina kumagwa chipale chofewa. M'malo ena njinga siyendeka, amachita kuinyamula paphewa. Womaliza ulendowu mphotho yake si ndalama ayi, koma bulangete la anthu a ku Lesotho.

Wamakala wa ku Dzalanyama atamva kuti kuli anthu olipira ndalama zawo kuti akazizidwe panjinga n'kulandira bulangete, angaseke mpaka kugwa chagada. Iye amazizidwa chaka ndi chaka, pa njinga yopanda giya ngakhale imodzi, itasenza katundu wolemera kuposa iye mwini, ndipo bulangete amagula yekha pakaunjika.

Si kuti dziko lino silidalowepo m'mipikisano ya njinga. Pamene Malawi idapita koyamba ku Olympics, ku Munich mu 1972, m'gululo mudali opalasa njinga. Ku Los Angeles mu 1984 ndi ku Seoul mu 1988 kudamveka maina ngati Dyton Chimwaza, Daniel Kaswanga, George Nayeja ndi Amadu Yusufu. Mu 2014, Missi Kathumba ndi Leonard Tsoyo adaimirira dziko lino pa masewero a Commonwealth ku Glasgow, ndipo nkhani yomwe idamveka kwambiri kumeneko idali yoti njinga zomwe adapita nazo zidali zotha, moti sitolo ina ya mumzindawo idachita kuwathandiza ndi zabwino. Ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya m'boma la Mzimba, mpikisano wa njinga zam'mapiri udachitika kwa zaka zingapo m'mwezi wa June, nthawi yomwe kumeneko kumazizira zedi.

Nkhani ya masewerowa ikabuka, anthu amathamangira kunena kuti vuto la Malawi ndi kusowa njinga zabwino ndi makampani othandiza. N'zoona, ndipo za ku Glasgow zija ndi umboni. Miyendo ndiye ilipo yambiri; aliyense amene adaonapo mnyamata akukwera chitunda ndi matumba atatu a chimanga sangatsutse. Koma chomwe chimasiyanitsa kwenikweni katswiri wa kunja ndi wopalasa wa ku Mitundu chimaoneka tsiku limene onse awiri agwa. Kugwa amagwa chimodzimodzi, fupa limathyoka chimodzimodzi. Zotsatira zake ndizo zimapatukana ngati njira za pamphambano.

Choyamba, n'chifukwa chiyani nyengo yozizira ili yoopsa kwa wapanjinga, chonsecho kulibe mvula ndipo misewu ndi youma?

Usiku wa June ndiwo wautali kuposa wa miyezi ina yonse. Ku Lilongwe dzuwa limatuluka itadutsa 6 koloko m'mawa n'kulowa isadakwane hafu 5 kapena chapomwepo madzulo. Amene akufuna kukafika pamsika wa mumzinda ogula asadabalalike, gawo lalikulu la ulendo wake amayenda mumdima. Njinga zambiri zilibe nyali kutsogolo ngakhale kagalasi kowala kumbuyo, ndipo thumba la makala ndi lakuda ngati usikuwo. Dalaivala wa lole yochokera ku Dedza amaliona atalifika kale.

Kenaka pali zala. Munthu akazizidwa, magazi amathawa m'zala n'kukasonkhana mkati mwa thupi, moti dzanja limachita dzanzi, osagwira zolimba. Pamtsetse, ndi katundu kumbuyo, dzanja lotere limachedwa kufinya buleki. Mabulekiwonso nthawi zambiri ndi a dzina lokha. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za njinga, zomwe pafupifupi zonse zimachokera kunja, zidakwera mtengo, ndipo ambiri amayendera tayala mpaka ulusi kuonekera. Ena labala wa buleki amachita kudula kutayala lakutha, ena amaimitsa njinga popondereza tayala ndi nsapato. Mchenga ndi fumbi la chilimwe m'njira zam'midzi zimaterera osasiyana ndi matope.

Palinso chikhulupiriro choti kachasu amachotsa kuzizira. Amangonamiza thupi. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda, pomwe kutentha kwenikweni kukutuluka m'thupi. Chomwe umachotsa ndi changu cha maso ndi manja.

Amakala ali ndi chifukwa china choyendera usiku. Kuotcha makala ku Dzalanyama popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo, ndipo lamulo la nkhalango lomwe lidakonzedwanso mu 2020 lidakhwimitsa zilango. Boma lidafika mpaka potumizako asilikali cha m'ma 2015. Palibe angatsutse kuti nkhalangoyi iyenera kutetezedwa, chifukwa mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde n'kumwetsa mzinda wonse, umachokera kumeneko. Koma malinga ngati mbaula za mumzinda zikuyakabe, makala azibwerabe, ndipo owabweretsa amazemba zipata podutsa m'tinjira tokhotakhota, mumdima, mosayatsa tochi. Uwu ndiye mpikisano weniweni wa njinga zam'mapiri wa dziko lino, kungoti ulibe oonerera, ndipo wovulalira m'menemo amaopa ngakhale kunena komwe wagwera.

Pamsewu wa tala mdani ndi galimoto, ndipo apa ngakhale akatswiri sapulumuka. Burry Stander wa ku South Africa, yemwe adamaliza pa nambala 5 pa mpikisano wa njinga zam'mapiri ku London mu 2012, adafa pa 3 January 2013 atagundidwa ndi minibasi akuchita zokonzekera kwawo ku KwaZulu-Natal. Adali ndi zaka 25. Kuno ngoziyo ndi yaikulu koposa. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 mwa anthu 100,000 aliwonse amafera pamsewu pachaka, chiwerengero chomwe chidali m'gulu la zokwera kwambiri padziko. Kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza kwangoonjezera piringupiringu m'mphepete mwa msewu, momwe wakapalasa ankathawiramo.

Tsono wagwa. Chimachitika n'chiyani?

Kumapeto kwa May 2021, Tom Pidcock wa ku Britain adagundidwa ndi galimoto akupalasa njinga n'kuthyoka fupa la paphewa. Adamuchita opaleshoni mosachedwa. Pa 26 July chaka chomwecho, miyezi iwiri isadakwane, adapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa njinga zam'mapiri ku Olympics ya ku Tokyo. Ena amatenga nkhaniyi ngati umboni woti munthu wolimba mtima amachira msanga. Kulimba mtima kudalipo, koma kudalinso dokotala wa mafupa tsiku lomwelo, chitsulo chogwira fupalo, katswiri wa mafizo tsiku ndi tsiku, chakudya choyenera, komanso malipiro omwe sadaime ngakhale tsiku limodzi.

Ndipo ngakhale zonsezi zilipo, fupa lina silimvera. Chris Froome, yemwe adabadwira ku Nairobi m'dziko la Kenya n'kupambana mpikisano wa Tour de France kanayi, adagwa mu June 2019 n'kuthyoka fupa la ntchafu, chigongono ndi nthiti. Padatenga miyezi isanu ndi itatu kuti abwerere pa mpikisano, ndipo sadafikenso pomwe adali kale. Ngati fupa la ntchafu lidagonjetsa munthu wokhala ndi madokotala apamwamba padziko, nanga bambo wa ana asanu wa kumidzi ya ku Nathenje?

Iye ulendo wake umayamba ndi amene amupeza. Kawirikawiri ndi anzake apanjinga, ndipo mwachifundo chawo amamudzutsa, kumukoka mwendo kuti "ubwerere", kenaka n'kumukweza pa njinga yamoto kapena pa kagalimoto kodutsa. Apa ndi pomwe zinthu zambiri zimaonongekera. Fupa lothyoka lili ndi nsonga zakuthwa, ndipo likamagwedezeka limacheka mnofu ndi mitsempha. Timatabwa tiwiri kapena nsungwi zomangidwa ndi chitenje mbali ndi mbali, kuti mwendo usagwedezeke, zimapulumutsa zambiri. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, safunika kumukhazika tsonga. Amanyamulidwa chogona pachinthu cholimba ngati chitseko.

Pachipatala chaching'ono ngati cha pa Nathenje angathe kutsuka bala, kuletsa magazi, kupereka mankhwala opha ululu n'kumutumiza kutsogolo. A ku Mitundu ali ndi chipatala chokulirapo, ndipo kudzera pa Kamphata kuli chipatala cha mishoni cha Nkhoma, chomwe n'cholipira. Koma kuthyoka kwakukulu kumathera ku Kamuzu Central. Bala lomwe fupa latulukira kunja ndiye losachedwa nalo n'komwe, chifukwa dothi likalowa m'fupa limayambitsa mafinya omwe amatha zaka osauma, mwinanso mpaka kudulitsa mwendo. Limafunika kutsukidwa ndi madokotala, mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata tsiku lomwelo. Mabanja ena amayamba adzera kwa asing'anga kukatema mphini n'kumanga timitengo, n'kudzafika kuchipatala patatha sabata ziwiri mwendo utatupa ngati mtondo. Mphini pamalo pomwe pathyoka zimangotsegulira tizilombo khomo.

Mutu nawo ngwachinyengo. Munthu atha kudzuka, kusasa fumbi, kutola tomato wake n'kupitiriza ulendo, magazi akudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza. Akayamba kusanza, kuodzera kosadzutsika, kulankhula zosokonekera, kukomoka, kapena kutuluka magazi ndi madzi m'khutu ndi m'mphuno, si za malungo kapena kutopa ayi. N'zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo. Pa mipikisano ya kunja palibe amaloledwa kunyamuka opanda chipewa choteteza mutu. Pakati pa opalasa a katundu kuno, chipewa chomwe chimaoneka ndi chaubweya chotchinga makutu.

Mbiri ya chithandizo cha mafupa m'dziko lino ndi ya kuchita zambiri ndi zochepa. Madokotala akuluakulu a mafupa akhala ali owerengeka, moti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi makiliniko ofesala a mafupa, omwe maphunziro awo adayambitsidwa mu 1985 ndi Dr Edward Blair. Iwowa ndiwo amawongola mafupa ndi kumanga chikhakha m'zipatala za m'maboma. Kwa zaka zambiri, wothyoka fupa la ntchafu ankachizidwa pomukoka mwendo: kachitsulo kamaboola fupa pafupi ndi bondo, chingwe n'kumangidwa, cholemera n'kulendewera kumapazi a bedi. Wodwala amagona chagada sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposa, osadzuka, chimbudzi chilichonse pabedi pomwepo.

Njira ina ndi opaleshoni yolowetsa chitsulo mkati mwa fupa, yomwe imalola munthu kudzuka ndi ndodo patangopita masiku ochepa. Kafukufuku yemwe Dr Linda Chokotho ndi anzake adatulutsa mu 2020, atatsatira odwala 187 m'zipatala za dziko lino kwa chaka, adapeza kuti oikidwa chitsulo amayamba kupeza bwino ndi kuyenda msanga kusiyana ndi okokedwa. Kafukufuku wina adaonetsanso chomwe ambiri sankayembekezera, kuti kukoka mwendo kumadyera chipatala ndalama zambiri kuposa opaleshoni, kaamba ka masiku omwe wodwala amakhala pabedi. Chaka cha 2023 pa Kamuzu Central padatsegulidwa chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo cha LION, chomangidwa ndi thandizo lochokera ku Norway ndi mabungwe ena. Kwa anthu a kummwera kwa Lilongwe imeneyi ndi nkhani yabwino kwambiri pa zaumoyo m'zaka zaposachedwa, ngakhale chipatala chimodzi sichingathe ngozi za chigawo chonse chapakati.

Komabe chipatala ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo limachitikira kunyumba, komwe kulibe amalemba m'kaundula.

Fupa lili ndi nthawi yake yomwe silisintha chifukwa choti m'nyumba mwatha ufa. Kwa munthu wamkulu, fupa la paphewa kapena la mkono limafuna sabata zisanu ndi imodzi kufika 12. La msongolo kapena la ntchafu limafuna miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi lisadayambe kusenza katundu. Ululu umatha msanga fupa lisadalimbe, ndipo apa ndi pomwe pali msampha. Bambo amaona kuti sakumvanso kuwawa, amayesa kuponda, amaona kuti zikutheka, n'kudula yekha chikhakha ndi mpeni. Patatha sabata ali pachishalo ndi matumba awiri "ongoyeserera". Fupa losalimba likasenzetsedwa limapindika n'kulumikizana mokhota, kapena osalumikizana n'komwe. Mwendo umafupika, munthu n'kuyamba kutsimphina moyo wake wonse. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Kumuweruza bamboyu n'kosavuta kwa amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi. Wopalasa njinga amadya za tsiku lomwelo. Akagonekedwa ku Kamuzu Central, mayi a kunyumba amasiya geni ndi dimba n'kukakhala gadiyani, ndiye kuti manja onse awiri opezera ndalama aima limodzi. Ngozi ya mu June imagwera nthawi yomwe m'nkhokwe muli chimanga, choncho chimayamba kugulitsidwa ndi chimanga chomwecho, pamtengo wotsika wa nthawi yokolola, kuti papezeke thiransipoti ndi ndiwo za kuchipatala. Kenaka mbuzi. Kenaka ngongole ya banki m'khonde, ndipo ikakanika, katapila. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ya kuchira ikamatha ndi September kapena December, nthawi yosoka, yogula feteleza ndi yolipira fizi. Banja lomwe lidagwa pamsewu mu June limadzamva kuwawa kwenikweni mu February.

Lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la mu 2000 limakhudza olembedwa ntchito. Wodzilemba yekha alibe bwana woti amulipire. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti wapanjinga amene wagundidwa ndi galimoto, dalaivala ali wolakwa, ali ndi ufulu wofuna chipukutamisozi ku inshulansi ya galimotoyo, chifukwa lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Pamafunika nambala ya galimoto, lipoti la apolisi ndi lipoti la dokotala. Kawirikawiri zimathera pamalo a ngozi pomwepo: dalaivala amatulutsa ndalama yokonzetsera limu ndi "ya sopo", anthu n'kuuzana kuti nkhani yatha, fupa lisadajambulidwe. Wogundidwa ndi njinga yamoto yopanda nambala ndi inshulansi, monga zilili zambiri za kabaza, ndiye alibe kolowera. Wamakala amene wagwa yekha m'kanjira kozembera alibe ngakhale woti amuloze chala.

Mbali yomwe imanyozedwa kwambiri ndi ya mafizo. Mwendo womwe wakhala mu chikhakha kapena pabedi kwa miyezi iwiri umatuluka wowonda, bondo litauma. Kupalasa kumafuna bondo lopinda bwino kupitirira pomwe limapindira munthu akakhala pampando, ndipo bondo louma silibwerera lokha. Limafuna kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, kupirira ululu woyenera n'kupewa wosayenera. Akatswiri a kunja amathera nthawi yambiri pa ntchito imeneyi kuposa pa opaleshoni. Kuno maphunziro a digiri ya mafizo adayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, ndipo malo a Kachere ku Blantyre akhala akuthandiza ovulala kwa nthawi yaitali. Koma akatswiriwa amapezeka kwambiri m'zipatala zazikulu. Kwa munthu wa kuseri kwa Mitundu, kupita ku mafizo kamodzi kokha ndi kabaza, minibasi, ndi tsiku lathunthu la womuperekeza. Amapita kawiri, kachitatu n'kuleka.

Apa banja lili ndi mphamvu kuposa momwe limaganizira. Gadiyani amene wafunsa bwino tsiku lotuluka m'chipatala, n'kuonetsedwa momwe angapindire ndi kuwongolera bondo kapena phewa, liti wodwala ayambe kuponda ndi mlingo wake, amatha kupitiriza ntchitoyo pamkeka kunyumba. Ayeneranso kudziwa kuti zala zikatupa, kuzizira, kuda kapena kuchita dzanzi kunsi kwa chikhakha, ndiye kuti chathina ndipo n'chobwerera nacho tsiku lomwelo. Fupa limamangidwa ndi chakudya: nyemba, soya, nsinjiro, mazira, usipa wodyedwa ndi minga yake, masamba. Fodya wosuta amachedwetsa fupa kulumikizana, chinthu chowawa kuchimva m'dera lomwe fodya ndi chuma. Ndipo njinga yomweyo, nthawi yake ikakwana dokotala atavomereza, ndi mankhwala abwino a bondo, bola ikhale yopanda katundu ndi pamalo osatsetsereka.

Za ndalama nazo si kuti palibe poyambira. Pamasiteji ambiri akabaza ali ndi makomiti ndipo amasonkha kangachepe, ndipo magulu a banki m'khonde ali ndi thumba la zadzidzidzi. Koma mwambo wa kuno umathamangira maliro kuposa matenda. Mnzawo akafa, bokosi ndi ufa zimapezeka tsiku limodzi. Akathyoka mwendo, amamuzonda sabata yoyamba ndi shuga n'kuiwala. Kunena mosapsatira, thumba la chimanga pamwezi kwa miyezi itatu, loperekedwa kuti munthu asakwere njinga nthawi isadakwane, lingapulumutse miyendo yambiri kuposa uphungu wina uliwonse, chifukwa palibe amamvera dokotala ana akulira njala.

Kwa oyendetsa masewero a njinga, phunziro lake n'lomwelo. Mu September 2025 mzinda wa Kigali ku Rwanda udachititsa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa. Dziko limenelo lidayambira pa anyamata onga a ku Mitundu omwewa, ena mwa iwo akabaza ndi onyamula katundu. Mmodzi mwa oyamba, Adrien Niyonshuti, adapikisana pa njinga zam'mapiri ku London mu 2012. Chaka chotsatira adadwala matenda a kuundana kwa magazi m'mitsempha omwe adamukhazika pansi kwa miyezi, koma popeza adali ndi timu yomusamala, adabwerera n'kukafikanso ku Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016. Zitunda za Dzalanyama, phiri la Bunda ndi njira zopita ku Nkhoma n'zokwanira kuchititsa mpikisano wa njinga zam'mapiri womwe ungakope anthu. Koma kuitana mnyamata wakabaza kuti adzathamange pamiyala pofuna mphotho ya tsiku limodzi, popanda chipewa, ambulansi kapena lonjezo la chithandizo akavulala, n'kumupempha kuti aike pachiswe chuma chokhacho chomwe ali nacho.

Pakadali pano, m'nyumba yomwe bambo agona ndi chikhakha, njinga siyigona nawo. Limu imapita kwa wokonza njinga pansi pa mtengo pamsika, masipoko othyoka amasinthidwa, foloko imawongoledwa ndi nyundo. Pakutha pa sabata imakhala ili pamsewu, pachishalo pali mng'ono wawo kapena mwana wawo wachisamba wa Fomu 2, yemwe miyendo yake imafika pamapedulo monyanyamphira. Amanyamuka nthawi yomwe ija, cha m'ma 2 koloko usiku, atavala jekete la bambo ake, mabuleki ali omwe aja.